Moto Wogona M'denga: Magetsi a M'nyumba Zathu Pamene Chilimwe Chikufika

Mphepo ya mwera ikaleka kuomba, mitengo ya m'thengo itayoyola masamba akale ndi kuphukira ena ofiira, nyenje nazo zitayamba kulira usana wonse osapuma, munthu aliyense wobadwira m'dziko muno amadziwa mosauzidwa kuti chilimwe chafika, ndi kuti pasanapite masabata ambiri mitambo idzayamba kuunjikana, kugunda kudzamveka chapatali, kufikira tsiku lomwe chizimalupsa chidzagwere pa nthaka yopserera. Makolo athu, angakhale adalibe kalendala yopachika pakhoma, ankaiwerenga bwino nyengo imeneyi, ndipo mwamuna wanzeru ankakwera padenga dzuwa likadali kuswa mtengo, kuchotsa udzu wovunda, kusintha phaso lodyedwa ndi chiswe ndi kufolera mwatsopano, pakuti ankadziwa kuti denga lodontha silikonzedwa mvula ili m'kati. Ife ana awo, amene tidafolera nyumba zathu ndi malata ndi kulowetsamo magetsi, tidayesa kuti ntchito ya chilimwe ija idatha pamodzi ndi udzu, chonsecho pansi pa malata omwewo pali china chofuna kuonedwa chaka ndi chaka, ndicho mawaya amene sitiwaona, amene ambiri a ife sitidawaonepo chilowere m'nyumbamo.

Tiyambe ndi kukumbukira kumene mawayawo adachokera. Makina oyamba opukusa magetsi pa mathithi a Nkula, pa mtsinje wa Shire, adayamba kugwira ntchito m'chaka cha 1966, ndipo nyumba zambiri za m'makomboni akale a Blantyre, Zomba ndi Lilongwe zidalandira mawaya ake m'zaka zotsatira, potsata kachitidwe ka ku Britain komwe tikali nako mpaka lero: mavolti 230, soketi ya mabowo atatu a ngodya, ndi pulagi yokhala ndi fyuzi yakeyake m'kati. Amisiri a masiku amenewo ankayala mawaya poganizira banja la masiku amenewo, lokhala ndi mababu anayi kapena asanu, wailesi imodzi, ndi simbi yositira yunifolomu ya bambo Lamulungu madzulo. Taonani tsono nyumba yomweyo lero. Mwalowa furiji, kanema, ketulo, hotipuleti, mafani m'chipinda chilichonse, matchaja a mafoni osawerengeka. Kuseri adamangako zipinda ziwiri za lendi, nazo zikuyamwa pa waya yemwe uja. Mwana wa m'nyumbamo watsegula kometera pakhonde, ndipo mayi akuumitsa mafilizesi ogulitsa kusukulu. Banja lakula, malonda akula, koma waya wa m'denga ndi yemwe uja wa agogo, ndipo palibe amene adamufunsapo ngati angathe kusenza katundu yenseyo.

Masamu ake ndi apafupi, oti mwana wa Sitandade 8 akhoza kuwachita pa mchenga. Fyuzi yaikulu ya m'pulagi ndi ya maampu 13, ndipo mukachulukitsa maampu 13 ndi mavolti 230 mupeza mawati pafupifupi 3,000. Amenewo ndiwo malire a zonse zimene zingadutse pa pulagi imodzi popanda ngozi. Ketulo yokha imadya mawati 2,000 kapena kuposerapo, simbi imadya kuyambira 1,000 kukwera, mbale imodzi ya hotipuleti chimodzimodzi. Chotero mayi amene walumikiza ketulo ndi simbi pa ekistenshoni imodzi, m'mawa wa Lolemba ana akuthamangira kusukulu, wafika kale pa malire kapena wawadumpha, angakhale nyumba yonse ikuoneka yabata. Fani, imene anthu amainamizira kuti ndiyo ikutha mayunitsi m'mwezi wa Okutobala, ndi mlendo wofatsa, pakuti mafani ambiri saposa mawati 70. Zolemetsa mawaya ndi zija zopanga kutentha, kudzanso makina oziziritsa chipinda amene olemera ayamba kupachika pamakoma, omwe ayenera kukhala ndi waya wawowawo wochokera ku bokosi la magetsi, osati kubwerekera pa soketi ya kanema.

Koma bwanji tikunena za chilimwe, ngati ketulo amaiyatsa chaka chonse? Chifukwa chake ndi ichi. Waya aliyense amafunda magetsi akamadutsamo, ndipo chomupulumutsa n'chakuti kutentha kwakeko kumathawira mu mpweya womuzungulira. Pulasitiki yokutira mawaya a m'nyumba idapangidwa kuti ipirire mpaka madigiri 70, ndipo mabuku a amisiri, posonyeza katundu amene waya wa msinkhu uliwonse angasenze, amawerengera mpweya wa madigiri 30. Tsono taganizirani za malo a pakati pa siling'i ndi malata masana a Okutobala, ku Salima, ku Mangochi, kapena kumunsi kwa Shire, ku Ngabu ndi ku Nsanje, kumene ngakhale pamthunzi kutentha kumapitirira madigiri 40: mpweya wotsekeredwa m'menemo umatentha koposa wapanja, kotero kuti waya amene m'mwezi wa Juni ankasenza katundu wake mosavutika, m'mwezi wa Okutobala alibe kotayira kutentha kwake. Pulasitiki yophikidwa chotero chaka ndi chaka imauma, imasanduka yolimba, kenaka imang'aluka. Makoswe, amene amakonda kunola mano pa chilichonse, amatsiriza zotsala. Ndipo tizitsulo tomangira mawaya kuseri kwa soketi ndi swichi, pofutukuka masana ndi kunyala usiku, timamasuka pang'onopang'ono, kufikira magetsi ayamba kudumpha pa mpata wosaoneka ndi maso ndi kuthetheka. Pafupi pakepo pali matabwa a paini ouma gwa, zisa za mbalame, ndi makatoni a mabuku akale amene tidaponya m'denga posowa powasunga.

Nyumba yotere simangoyaka osachenjeza, ngakhale timakonda kunena kuti tsoka silinunkha. Tsoka ili limanunkha ndithu, fungo lake ndi la pulasitiki yopserera, nthawi zina longa la nsomba yoyamba kuvunda, lomveka pafupi ndi khoma popanda nsomba m'nyumba. Soketi yoderako m'mphepete mwa mabowo ake, pulagi yotentha poigwira ntchito itatha, swichi yolira tchetchetche poiyatsa, mababu ophethira furiji ikamadzuka, zonsezi ndi mboni, ndipo mwini nyumba akhoza kuzifunsa yekha popanda kumasula kalikonse, pongoyendera chipinda ndi chipinda madzulo amodzi, akuona, akununkhiza, akukhudza ndi kuseri kwa dzanja. Mboni yaikulu koposa ndi buleka ya m'bokosi la magetsi imene imagwa kawirikawiri. Ambiri amaida, namaitcha yofooka. Ena amaitana mnyamata kuti aichotse ndi kuikapo yaikulu, osazindikira kuti buleka idaikidwa molingana ndi msinkhu wa waya amene ikumulonda: wa masikweya milimita 1.5 wa mababu, wa 2.5 wa masoketi, wa 6 wa kuka. Mukakuza buleka waya ali yemwe uja, mwachotsa mlonda, ndipo chimene chidzaduke tsiku la katundu wambiri ndi waya wa m'denga. Chimodzimodzinso iye amene fyuzi ikapsa amakulunga pepala lasiliva la m'paketi ya fodya, kapena kulowetsa msomali m'malo mwake, nadzitama kuti wapulumutsa ndalama.

Za mapulagi tinene pang'ono, pakuti katundu wathu amachokera kutali. Abale obwera kuchokera ku Johannesburg amatitengera zipangizo za mapulagi a mano atatu obulungira, amene alibe fyuzi ndipo salowa m'masoketi athu. Za m'misika zambiri zili ndi mano awiri okha. Pamenepo luso la Mmalawi limaonekera: wina amatsegula bowo lapamwamba ndi kiyi kapena chivindikiro cha bolopeni, wina amadula pulagi ndi kulowetsa mawaya amaliseche, nawakhomerera ndi timitengo ta machesi. Pulagi yoyenera mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi chipangizo chimene ikutumikira, ndipo kuimanga n'kosavuta kwa wodziwa mitundu ya mawaya: wofiira kapena wakhofi ndiye wamoto, wakuda kapena wabuluu ndiye wobwezera, wobiriwira kapena wa mizere yobiriwira ndi yachikasu ndiye wa earth. Maekistenshoni otchipa, oyera bwino ndi owala tinyali tofiira, ndiwo chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: mukawasenda mupeza timawaya tochepa ngati tsitsi, tina ta aluminiyamu topakidwa mtundu wa kopa, ndipo dzino lachitatu silinalumikizidwe ku kanthu kalikonse.

Dzino lachitatu limenelo ndilo mutu wa nkhani yonse, ndipo pano tikhalepo pang'ono. Waya wa earth sayatsa babu, saphika nsima, sachita kanthu kooneka pa zaka khumi kapena makumi awiri; n'chifukwa chake amisiri achinyengo amamusiya, eni nyumba osadziwa, popeza zonse zimayaka bwino popanda iye. Ntchito yake ndi ya tsiku limodzi, tsiku limene waya wamoto wasupuka m'kati mwa furiji, kuka kapena giza ndi kukhudza chitsulo chakunja. Pamenepo magetsi amafuna njira yopitira pansi, ndipo akapeza waya wa earth ali wolumikizika bwino amathamangira m'menemo, chitetezo cha m'bokosi chimagwa, nyumba imada, anthu amadandaula, koma onse ali moyo. Akapanda kumupeza amadikira, chitsulo chili chodzala ndi imfa, kufikira adze mwana wopanda nsapato, wa thukuta thupi lonse, woponda pa simenti yongokolopa kumene, kudzatsegula furiji kuti amwe madzi ozizira. Khungu louma limakaniza magetsi pang'ono, koma lonyowa ndi thukuta limawalandira, ndipo ichi ndi chifukwa china chimene nyesi ya m'chilimwe imaopsera kuposa ya m'nyengo yozizira. Wina akakuuzani kuti mpopi wa kubafa kapena chitseko cha furiji chimaluma pang'ono, musaseke. Nyumba imeneyo yalankhula.

Waya ameneyu amathera pa ndodo yachitsulo yokutidwa ndi kopa, yotalika kupitirira mita imodzi, yokhomeredwa m'nthaka pafupi ndi mita ya magetsi. Pitani mukaione. M'nyumba zambiri mupeza waya wake adadulidwa kale ndi khasu la wolambula pabwalo, kapena adasololedwa ndi ofuna kopa wogulitsa, kapena polumikizira pake padadyeka ndi dzimbiri. M'nyumba zina zakale earth idamangidwa pa paipi yachitsulo ya madzi, imene idachotsedwa n'kuikapo yapulasitiki popanda woganizirapo. Ngakhale ndodo ili bwino, nthaka youma ya Okutobala simeza magetsi monga ichitira yonyowa, choncho mwezi umenewu ndiwo woyenera kuti mmisiri aipime ndi chipangizo chake, pakuti ikapambana mayeso pa nthawi yovutayi idzapambana chaka chonse. Mnzake wa ndodoyo ndi kachipangizo ka m'bokosi kotchedwa earth leakage, kamene kamayerekeza magetsi otuluka ndi obwerera, ndipo kakaona kuti mamiliampu 30 okha asochera, kamadula zonse m'kuphethira kwa diso. Kali ndi batani lolembedwa T, loti mwini nyumba azilikanikiza pakapita miyezi ingapo. Magetsi akapanda kuthima pomwepo, kachipangizoko kafa, ndipo bokosi likakhala lopanda batani lotere, ndiye kuti nyumbayo ikusowa chinthu chimene chikadayenera kugulidwa kanema asanagulidwe.

Palinso mayesero ochokera kunja kwa mpanda. Magetsi ambiri a dziko lino amapukusidwa ndi madzi a Shire, ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira, ndipo Shire amamwa m'nyanja ya Malawi, imene imatsika kwambiri kumapeto kwa chilimwe. Amene adaona zaka za 2016 ndi 2017 akukumbukira mdima wa masiku amenewo. Mvula ikabwera mavuto amangosintha nkhope, pakuti matope ndi namasupuni zimatseka makina, ndipo m'mwezi wa Januwale 2022 namondwe Ana adagumula damu la Kapichira, dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130 mpaka chaka chotsatira. Kupanga magetsi kuli m'manja mwa EGENCO chiyambire 2017, kuwagawa kuli m'manja mwa ESCOM, ndipo mwini nyumba alibe mphamvu pa zonsezi; chimene ali nacho mphamvu ndi mmene nyumba yake imalandirira magetsi akamabwerera. Nthawi yoopsa ndi imeneyo, pamene ana a m'mudzi wonse akufuula kuti ayaka. Simbi imene idasiyidwa pa bulangete magetsi atathima m'mawa, hotipuleti imene mayi adaiwala kuzimitsa posamukira pa mbaula, zimadzuka zokha m'nyumba mopanda munthu. Magetsi obwerera sakhala okhazikika m'mphindi zoyamba, ndipo injini ya furiji, ikathimitsidwa ndi kuyatsidwanso mwadzidzidzi, imalimbana ndi mpweya wothinana m'mapaipi ake mpaka kupsa. Kabokosi kotchedwa fridge guard kamaichedwetsa mphindi zochepa kuti zinthu zikhazikike. Furijiyo muitalikitsenso ndi khoma ngati chikhatho chimodzi, ndi kupukuta fumbi la kumsana kwake, pakuti m'chilimwe imagwira ntchito yowirikiza. Ndipo mukadzaona mababu ena akuwala mopitirira muyeso, ena akuzilala, monga zichitikira akuba akadula waya wobwezera pa thiransifoma, thamangirani ku main switch musanafunse mnansi.

Kenaka idzafika mphenzi. Sitikangana lero ndi iwo amene amati mphenzi ina imachita kutumidwa. Tingonena kuti ngakhale yotumidwayo imakonda kuyenda m'mawaya. Siifunika kugwa pa denga lanu kuti ikuwonongereni katundu: ikamenya polo kapena nthaka kutali ndi kwanu, mphamvu yake imathamanga m'nthambo za magetsi ndi kulowa m'nyumba zonse za pa mzerewo, ndipo imalowanso kudzera pa waya wa dishi ndi wa mlongoti wa kanema. Kuthimitsa swichi ya pakhoma sikukwanira, pakuti chinthu chimene chadumpha mtunda wonse wochokera kumitambo sichingalephere kudumpha kampata ka m'kati mwa swichi. Zulani pulagi, zulaninso waya wa dishi, mitambo ikadali kutali. Zipangizo zotetezera ku mphamvu yodzidzimutsa zimathandiza pa mphenzi yakutali, koma nazonso zimatayira mphamvuyo mu waya wa earth yemwe uja, kotero kuti m'nyumba yopanda earth zili ngati zokongoletsa chabe. Kukugunda, foni ichoke pa tchaja, ndipo wofuna kusamba pa shawa adikire.

Amene adatopa ndi mdima nagula jenereta kapena sola ali ndi zawo zoti aone. Jenereta yolowetsedwa m'mawaya a nyumba kudzera pa soketi, popanda swichi yosinthira imene imalekanitsa nyumba ndi nthambo za mumsewu, imabweza magetsi kunja, thiransifoma imawakweza kufika pa mavolti 11,000, ndipo mmisiri amene wakwera polo kukakonza, akukhulupirira kuti nthambo n'zakufa, amafera pomwepo. Mlandu wa magazi ake uli pa mwini jenereta. Utsi wa jeneretayo nawonso umapha mwakachetechete m'chipinda chotseka. Mapanelo a sola amafooka ndi fumbi la chilimwe ndiponso ndi kutentha komwe, choncho atsukidwe m'mamawa asanatenthe. Mabatire a asidi amamwa madzi ambiri m'chilimwe, athiridwe madzi a batire okhaokha, ndipo asakhale m'chipinda chogona kapena pafupi ndi kandulo, popeza potchajidwa amatulutsa mpweya woyaka. Nthambi za mango ndi bulugamu zoweramira pa nthambo yolowa m'nyumba zionedwe mphepo ya mkuntho isanadze, koma zokhudza nthambo musadule nokha, kauzeni a ESCOM. Ndipo aliyense m'banja, kufikira wantchito ndi mwana wa zaka khumi, adziwe pamene pali main switch, adziwenso kuti moto wa magetsi suthiridwa madzi koma mchenga, ndi kuti munthu wogwidwa ndi nyesi sakokedwa ndi manja, koma amakankhidwa ndi mtengo wouma ngati magetsi alephereka kuthimitsa.

Zotsala zonse, kukwera m'denga, kutsegula bokosi, kumanga zomasuka, kupima earth ndi mphamvu ya pulasitiki ya mawaya, ndi za mmisiri, ndipo apa ndi pamene ambiri timapunthwa, pakuti pa mudzi uliwonse pali mnyamata wa tesita m'thumba la malaya amene anthu amamutcha injiniya, wotchipa, wofulumira, wodziwa kuyatsa chilichonse. Kuyatsa n'kosavuta, chovuta ndi kuyatsa mosapha. Bungwe la MERA, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2004, ndilo limapereka ziphaso kwa amisiri oyala mawaya m'nyumba, ndipo si chipongwe kupempha munthu kuti akuonetseni chiphaso chake asanakwere makwerero. Safunsa adadya phula. Mumuuze kuti mawaya ogula mukagulire limodzi, muone chizindikiro cha muyezo pa mpukutu wake, ndipo akamaliza akulembereni pa pepala zimene wapima ndi zimene wapeza.

Mawu otsiriza apite kwa eni nyumba za lendi, popeza ambiri okhala m'mizinda yathu amagona pansi pa madenga a anthu ena, ndipo alibe ufulu wong'amba siling'i ya mwini. Ku England, kumene tidatengako kayalidwe ka mawaya athu, lamulo la 2020 limakakamiza mwini nyumba ya lendi kuti magetsi ake apimidwe ndi mmisiri wovomerezeka zaka zisanu zilizonse. Kwathu kuno alandilodi ambiri amafika pa tsiku loyamba la mwezi, naima pakhomo, nawerenga ndalama zawo, osakwezako maso kuona bokosi lakuda ndi utsi limene lili pamwamba pa mutu wawo. Wokhalamo akadandaula za soketi yopserera amauzidwa kuti ofuna nyumba ndi ambiri. Inu bambo ndi inu mayi amene Mulungu adakudalitsani ndi nyumba zoposa imodzi, ana ogona m'menemo ndi anunso, ndipo nyumbayo ikapsa phulusa lake lidzakhala lanu. Patulani gawo la lendi ya Seputembala, muitane mmisiri wa chiphaso, akwere m'denga, akaone ndodo ya earth, mvula yoyamba isanagwe.